Dzanja Lodyera ndi Dzanja Lolembera

Mphunzitsi amene wapatsidwa kalasi ya Giredi 1 ya ana makumi anai ayembekezere kuti pakati pa anawo pali atatu, anai kapena asanu amene adzatola pensulo ndi dzanja lamanzere. Ofufuza amene awerenga anthu m'maiko ambiri apeza kuti pa anthu khumi alionse mmodzi ndi wamanzere, ndipo anyamata amaculukirapo pang'ono kuposa atsikana. Koma m'zaka zimene ndakhala ndikuyendera ophunzira athu pamene ali kuyesera kuphunzitsa m'masukulu a m'Cigawo ca Kum'mawa, kawiri-kawiri ndapeza makalasi a Giredi 5 ndi 6 mmene mulibe ndi mwana mmodzi yemwe wolemba ndi dzanja lamanzere. Ana amanzerewo sanasamuke ai. Ali m'kalasi momwemo, ndipo ali kulemba ndi dzanja limene anawasankhira anthu ena. Inu amene mukonzekera nchito ya uphunzitsi mudzakumana nao ana otere pa sabata yoyamba yeni-yeni, ndipo cimene mudzacita pa sabatayo cidzatsata mwanayo moyo wake wonse. Ndico cifukwa cake ndafuna kukambirana nanu nkhaniyi musanagwire coko.

Ine nkhani imeneyi ndinaidziwira panyumba pathu ndisanaiwerenge m'mabuku. Mkulu wanga, amene ndinapondana naye, anabadwa wamanzere. M'mudzi monse munalibe mnyamata wolasa mbalame ndi legeni ngati iye, ndipo ali ndi zaka khumi anali atadziwa kale kusema mipini ndi kuluka nkhokwe pamodzi ndi amalume. Kumunda palibe amene anamufunsapo za dzanja limene anali kutsogoza pa mpini, pakuti khasu silisankha dzanja, ndipo mzere wolimidwa bwino suonetsa kuti waulima ndi wamanja kapena wamanzere. Vuto linali pa mbale ya nsima. Akatambasula dzanja lamanzere, ambuya anali kumugogoda pang'ono ndi mthiko, nati, "Dzanja ilo si lodyera, mdzukulu wanga." Patapita miyezi yowerengeka anazolowera, ndipo mpaka lero amadya ndi dzanja lamanja mosaganizira n'komwe.

Kusukulu zinthu zinayenda mwa njira ina. Mphunzitsi wa kalasi yoyamba anali kumumenya zala ndi m'mphepete mwa rula nthawi iliyonse akamupeza akulemba pa sileti ndi dzanja lamanzere. Zitakanika, anamulamula kuti azikhalira dzanjalo nthawi yonse ya phunziro la kulemba. Mkulu wanga analembadi ndi dzanja lamanja, koma malembo ake anali onjenjemera ndi otsetsereka pa mzere, ndipo anzake akamatsiriza ziganizo zisanu iye anali akali pa caciwiri. Pa lipoti analembedwa kuti ndi waulesi. Mnyamata wodziwa kusema mpini wosalala anayamba kukhulupirira kuti manja ake satha kanthu, ndipo anasiya sukulu ali m'Giredi 4. Tsopano ndi mmisiri wa matabwa. Ndikamuona akulemba mzere pa thabwa ndi dzanja lamanzere, mzere woongoka bwino lomwe, kenaka n'kumuonanso akuvutika kusaina dzina lake ndi dzanja lamanja, ndimadzifunsa kuti akadafika pati mphunzitsi uja akadamuleka.

Ambuya ndi mphunzitsi uja onse awiri anali kuganiza kuti akuongola mwana, ndipo onse akadachula mwambi umodzi-modzi wakuti m'mera mpoyamba. Komabe zimene anacita sizinali zofanana. Mphunzitsi wa Cinyanja ayenera kuzindikira kusiyana kumeneku, pakuti iye ndiye amaphunzitsa mwambo ndi kulemba m'kalasi imodzi-modzi.

Tiyambe ndi mau eni-eniwo. M'Cinyanja timati dzanja lamanja, ngati kuti pa manja awiriwo limeneli lokha ndilo dzanja leni-leni, ndipo ena amangoti dzanja lodyera. Anzathu Atumbuka amati woko la maryero, Ababemba amati ukuboko kwa kulyo, ndipo m'Ciswahili muli mkono wa kulia. M'mau onsewa mukumveka tsinde la kudya. Kutsidya kwa nyanja nakonso n'cimodzi-modzi. M'Cingerezi liu lakuti right limatanthauza kumanja, limatanthauzanso colondola. Liu la Cilatini lakuti sinister linali kutanthauza kumanzere, koma litalowa m'Cingerezi linakhala la cinthu coopsa kapena coipa, ndipo m'Cifalansa gauche ndi kumanzere, ndiponso munthu wosalongosoka pa zocita zake. Mwana wamanzere amabadwira m'cilankhulo cimene camuweruza kale asanacite kanthu.

Ena amabweretsa Baibulo pa nkhaniyi, nakumbutsa fanizo la m'caputala 25 ca Mateyu mmene nkhosa ziikidwa kumanja ndi mbuzi kumanzere. Koma buku lomwelo limasimba za Ehudi wa fuko la Benjamini, munthu wamanzere amene anapulumutsa Aisrayeli kwa mfumu ya Amoabu, ndiponso za amuna 700 amanzere a fuko lomwelo, akatswiri oponya miyala ndi gulaye mosaphonya. Nkhani ziwirizi zili m'buku la Oweruza, caputala 3 ndi caputala 20, ndipo palibe pamene amanzerewo adzudzulidwa kaamba ka dzanja lao.

Tsono tisafulumire kunyoza mwambo wa makolo, pakuti uli ndi cifukwa cake. Banja limadyera m'mbale imodzi, ndipo kale sopo kunalibe, madzinso anali otunga kutali. Makolo anagawira manja nchito: lamanja la cakudya, moni ndi kupereka zinthu, lamanzere la nchito zina za ukhondo wa m'thupi zimene sitichula pagulu. Pamene anthu asanu akutsina nsima imodzi, lamulo limeneli linali kuteteza onse. Kupereka cinthu ndi dzanja lamanja kunakhala cizindikiro cakuti ndakupatsa ndi dzanja loyera, ndiye kuti ndakulemekeza. Katswiri wina wa ku France, Robert Hertz, analemba m'caka ca 1909 kuti cilengedwe cinasiyanitsa manja awiriwa pang'ono cabe, koma mitundu ya anthu ndiyo inakulitsa kusiyanako mwa kupatsa dzanja limodzi ulemu wonse ndi linalo manyazi onse. Ife tingasunge ulemuwo popanda kusenzetsa mwana manyaziwo.

Kudya, kupatsana moni ndi kulandira mphatso ndi zinthu zocitika pakati pa anthu awiri kapena ambiri. Zimatenga kanthawi kocepa, ndipo dzanja lililonse lingaziphunzire mosavuta. Ndiponso mwambo wathu unapereka kale njira yokomera onse, pakuti mwana waulemu amalandira cinthu kwa wamkulu ndi manja awiri, ndipo pamenepo wamanja ndi wamanzere salekana. Kulemba ndi nkhani ina. Ndi nchito ya tizala ndi timinofu tating'ono, yofuna kuti diso, ubongo ndi dzanja zimvane mwacangu, ndipo mwana adzaicita maola ambiri tsiku lililonse kwa zaka khumi ndi ziwiri kapena kupitirira. Palibe munthu wina amene amadyera pa pensulo ya mnzake. Tikumbukirenso kuti makolo athu sanaikepo lamulo pa kulemba, pakuti sileti ndi pensulo zinafika kuno ndi amishoni, monga a Dutch Reformed amene anamanga ku Magwero pafupi ndi Chipata m'caka ca 1899. Lamulo lakuti mwana azilemba ndi dzanja lamanja lokha linacokera m'masukulu a ku Ulaya a nthawi imeneyo, kumene anali kulemba ndi peni yoviika mu inki, imene inali kubaya pepala ndi kupaka inki ikakankhidwa ndi dzanja lamanzere. Eni ake analisiya kalekale lamulo limeneli, koma ife tinalisunga ndi kuliyesa mwambo wathu.

Kodi mwana amasankha yekha kukhala wamanzere? Iai. Mbali ya kumanzere ya ubongo ndiyo imayendetsa mbali ya kumanja ya thupi, ndipo ya kumanja imayendetsa ya kumanzere. Sing'anga wa ku Paris, Paul Broca, anaonetsa kuyambira m'caka ca 1861 kuti mwa anthu ambiri nchito ya kulankhula imakhala ku mbali ya kumanzere ya ubongo, ndipo kucokera pamenepo akatswiri anazindikira kuti mbali ziwirizi zinagawana nchito. Dzanja limene munthu amadalira limatsata kagawidwe kotere. Peter Hepper ndi anzake a ku Queen's University ku Belfast anaona ndi makina ounikira m'mimba kuti ana ambiri osabadwa amayamwa cala cacikulu ca kumanja, ocepa ca kumanzere. Atawalondola anawo kufikira zaka khumi ndi kupitirira, anapeza kuti ambiri anasunga dzanja lomwelo. Magazi a m'banja naonso ali ndi mbali yake: makolo onse awiri akakhala amanja, mwana mmodzi mwa khumi amabadwa wamanzere, koma onse awiri akakhala amanzere ndi pafupi-fupi mmodzi mwa anai. Motero mwana wolemba ndi manzere sali kucita mwano kapena matama, ndipo sanalodzedwe. Anabadwa tero, monga mmene wina amabadwira wamtali ndi wina wamfupi.

Kucepa kwa amanzere m'makalasi athu kuli ndi cifanani cake m'mbiri ya maiko ena. Ku America, pa anthu obadwa ca m'ma 1900, atatu okha pa 100 alionse ndiwo anali kulemba ndi manzere, koma pa obadwa ca m'ma 1950 ciwerengero cinakwera kufika pa 11 kapena 12. Ubongo wa anthu sunasinthe pa zaka makumi asanu zokha. Cinacepa ndi cikwapu ca m'kalasi, ndipo amanzere amene anali kubisika anaonekera. Kwa anansi athu ku Malawi, Zverev wa ku College of Medicine ku Blantyre anafalitsa m'caka ca 2006 zimene anapeza atafunsa ana a sukulu, aphunzitsi ndi makolo: atatu mwa anai alionse anati dzanja lamanzere siliyenera kutsogola pa nchito za tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri mwa iwo anati wamanzere azikakamizidwa kusintha. Ife ndi iwo timalankhula cinenero cimodzi ndipo timadya mofanana, tsono yankho lao lisatidabwitse.

Kukakamiza sikusandutsa mwana kukhala wamanja. Kumangomuphunzitsa kucita nchito yovuta koposa ndi dzanja lofooka. Yesani inu eni kulemba tsamba lathunthu ndi dzanja limene simulembera, mnzanu akukuwerengerani mwa liwiro la kalasi. Mudzaona kuti maganizo onse athera pa kuumba malembo, ndipo pa mapeto simukumbukira cimene mwalemba. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amamva zomwezo tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi mantha a rula. Zotsatira zake ndi kulemba mocedwa, kutopa msanga, kudana ndi buku lolembamo, ndipo ena amayamba kujomba kusukulu. Mfumu George VI ya ku Britain, imene inalamulira kuyambira mu 1936 mpaka mu 1952, pamene dziko lino linali Northern Rhodesia, inabadwa yamanzere, inakakamizidwa kulemba ndi manja ili mwana, ndipo inavutika ndi cibwibwi moyo wake wonse. Akatswiri amatsutsana ngati kusintha dzanja pakokha kumayambitsa cibwibwi, koma mphunzitsi aliyense amadziwa kuti mwana wamantha salankhula bwino ndipo saphunzira bwino. Pamwamba pa zonsezi, cilango ca kumenya cinathetsedwa m'masukulu a m'Zambia m'caka ca 2003, ndipo lamulo la maphunziro la mu 2011 limaciletsa. Mphunzitsi womenya zala za wamanzere akuphwanya lamulo la dziko.

Kusamumenya mwana n'ciyambi cabe. Wamanzere wolekereredwa osaphunzitsidwa amadzipezera yekha njira, ndipo kawiri-kawiri njirayo ndi yopinda mkono ngati ngowe pamwamba pa mzere, imene imatopetsa phewa ndi kucedwetsa dzanja. Nchito yanu ndi kumuphunzitsa kulemba bwino ndi dzanja lake.

Coyamba dziwani dzanja leni-leni la mwana aliyense. Musamufunse, pakuti ena anaopsezedwa kale kunyumba ndipo adzakuonetsani dzanja limene akuganiza kuti mukulifuna. Muyang'anitsitseni kwa masabata awiri kapena atatu pamene akuponya mpira, akusesa, akutola miyala pa ciyato, akufufuta bolodi kapena akujambula pamcenga ndi kamtengo. Pogawa mapensulo, ikani pensulo pakati pa desiki kutsogolo kwake, osati m'dzanja lake, ndipo muone limene lidzaitola. Ngati mwana akusintha-sintha manja, mpatseni nthawi, pakuti ena amakhazikika mocedwerapo. Akakhazikika, mulimbikitseni kusunga dzanja limodzi polemba.

Caciwiri ndi pokhala. Pa desiki ya ana awiri kapena atatu, wamanzere akhale kumapeto kwa kumanzere kuti cigongono cake cisagundane ndi ca mnzake. Ndaonapo ana awiri akulangidwa kaamba ka ndeu imene inayambitsidwa ndi kakhalidwe ka pa desiki cabe. Ngati n'kotheka, kuwala kwa pa zenera kumufikire kucokera kumanja, kuti mthunzi wa dzanja lake usagwere pa zimene akulemba.

Cacitatu ndi buku ndi pensulo. Malembo athu amayenda kucokera kumanzere kupita kumanja. Wamanja amakoka pensulo kucoka pa zimene walemba, motero amaziona. Wamanzere amaikankha, ndipo dzanja lake limatsata pambuyo n'kuphimba mau amene wangolemba, nthawi zina n'kuwafufuta ngati ndi pa sileti. Mankhwala ake ndi awa. Buku likhale cakumanzere kwa thupi lake, mutu wa tsamba utapendekera kumanja. Agwire pensulo patali pang'ono ndi nsonga, ngati masentimita atatu, kuti aziona malembo. Dzanja likhale m'munsi mwa mzere umene akulembapo, mkono uli woongoka, ndipo dzanja lamanja ligwire buku kuti lisatsetsereke. Pensulo isakhale yosongoka kwambiri, pakuti yokankhidwa imabowola pepala. Mizere yokhota-khota ndi ya mafunde ya kalembedwe ka Marion Richardson imathandiza kwambiri wamanzere kuzolowera ulendo wopita kumanja, motero mpatseni nthawi yokwanira pa iyo, poyamba pamcenga ndi pa bolodi, kenaka m'buku.

Cacinai ndi kaumbidwe ka malembo. Dzanja lamanzere limakonda kuyambira kumanja ndi kuzungulira mobwerera. Ikani kadontho kapena kamuvi kumayambiriro kwa mzere uliwonse, ndipo muonetsetse kumene a, o, d ndi g ziyambira ndi kumene zizungulirira. Akadula t kapena f kucokera kumanja kupita kumanzere, mulekeni, pakuti lembo limaoneka cimodzi-modzi. Akatembenuza b ndi d, kapena kulemba dzina lake cobwerera ngati la pa kalilole, musade nkhawa m'caka coyamba. Ana amanja naonso amacita zimenezi, ndipo zimatha ndi kuyeseza. Leonardo da Vinci, mmisiri wochuka wa ku Italy amene anali wamanzere, analemba mabuku ake a zolemba cobwerera comweco, ndipo palibe amene amamuyesa wopepera. Poonetsa kagwiridwe ka pensulo, khalani pambali pa mwanayo ndi kugwira ndi dzanja lanu lamanzere ngakhale malembo anu atuluke okhota, kapena itanani wamanzere wa m'kalasi yapamwamba wolemba bwino adzamuonetse. Musaiwale sizasi pa phunziro la nchito za manja: yopangidwira amanja imapinda pepala m'dzanja lamanzere, ndipo colakwa ndi ca sizasiyo.

Samalaninso pakamwa panu. Ana amatola mau a mphunzitsi msanga kuposa phunziro. Mukati kamodzi, "Iwe wa dzanja loipa," dzinalo lidzamumatirira mwanayo mpaka Giredi 7. Pophunzitsa za ulemu, nenani momveka kuti moni timapereka ndi dzanja lamanja ndipo cinthu ca wamkulu timalandira ndi manja awiri, ndipo lamuloli ndi la onse. Pophunzitsa kulemba, nenaninso momveka kuti aliyense alembe ndi dzanja limene anabadwa nalo.

Cotsala ndi makolo, ndipo apa ndipo aphunzitsi acinyamata ambiri amagwa, ena pogonja msanga, ena poyankha mwamatama ngati kuti makolowo ndi mbuli. Caka cina, ndili kuphunzitsa Giredi 1, anafika amai ena atakwiya kaamba ka mwana wao wamkazi. Anati, "Aphunzitsi, ife kunyumba tikumuletsa, inu kuno mukumulekerera. Akadzakula n'kupereka madzi kwa apongozi ndi manzere, manyazi adzakhala a yani?" Ndinawapatsa mpando, ndipo ndinati, "Amai, mwanena zoona, ndipo mwana wanu ndi wanganso. Za madzi a apongozi, za moni ndi za pa mbale tigwirizane, ine ndidzamuphunzitsa kuno monga inu mukumuphunzitsira kunyumba. Koma pa pensulo pokha ndipempha mundilole." Kenaka ndinaitana mtsikanayo kuti alembe dzina lake kawiri, poyamba ndi manja, kenaka ndi manzere, ndipo ndinapereka sileti kwa amai ake. Iwo sanali odziwa kuwerenga, koma maso anali nao. Anayang'ana kwa kanthawi, nati, "Ili la pansili ndilo laima bwino." Ponyamuka anandipatsa moni ndi manja awiri, ndipo mwanayo analemba ndi manzere mpaka anatsiriza sukulu.

Amai aja sanali kuda dzanja la mwana wao. Anali kuopa kuti mwanayo adzasekedwa akadzakula, ndipo mantha otere ndi a cikondi. Mphunzitsi amene wamva manthawo ndi kuwayankha, makolo amamumvera. Amene angowauza kuti mwambo wao ndi wacikale amatseka khomo, ndipo wovutika amakhala mwana, womenyedwa kunyumba cifukwa ca zimene waloledwa kusukulu. Mukapita ku sukulu yanu yoyamba, kambani za nkhaniyi ndi aphunzitsi aakulu ndi anzanu a m'makalasi otsatira, kuti mwana amene mwamuyambitsa bwino asakathyoledwe m'Giredi 2. Ichuleninso pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi caka cisanapite patali.

M'kalasi mwanu mudzakhala ana ambiri, mabuku ocepa ndi madesiki osakwanira, ndipo zambiri mwa zimenezi simungathe kuzisintha. Koma kusamutsira mwana kumapeto kwa desiki, kupendeketsa buku lake ndi kukhala pansi ndi amai ake sikufuna ndalama ya boma ngakhale ngwee imodzi. Ana anai m'kalasi iliyonse, pa zaka makumi atatu za uphunzitsi, ndi anthu oposa 100 amene angatuluke m'manja mwanu akudziwa kulemba ndiponso akudziwa ulemu, aliyense ndi dzanja lake.